Misangu Inayi, Matumba Atatu

Anthu akamakumbutsana za chaka chimene mvula inatithawa pakati pa Januwale, aliyense amayambira pamene panamuwawa. Wina amayamba ndi mtengo wa ufa, wina ndi mbuzi zimene anataya pamtengo wa nkhuku. Ine ndimayamba ndi misangu inayi ya m'munda mwathu, chifukwa chaka chimenecho inatsala pang'ono kugwa, ndipo amene anainolera nkhwangwa anali a Tembo, amuna anga omwe.

Ife si a kuchigwa kuno. Tinatsika kuchokera kumtunda, cha ku Katete, ana athu akadali aang'ono, titamva kuti ku Kakumbi dothi ndi lakuda ndipo silipempha feteleza. Kwathuko munthu wosiya mtengo pakati pa munda ankatchedwa mlesi. Munda wa mlimi weniweni unkayenera kuyera kuti mbee, woti ukaima kumapeto kuno uone nkhuku ili kumapeto uko. Choncho titapatsidwa malo, a Tembo anadula chilichonse chimene chinaima. Inatsala misangu inayi yokha, yoima moyandikana kumunsi kwa munda, chifukwa inali yaikulu kwambiri ndipo nthawi yobzala inali itakwana. Anati adzaiona mvula ikatha. Koma mvula itangoyamba, mitengo ija inayoyola masamba onse n'kutsala minga yokhayokha. A Tembo anakondwa, amvekere, "Yauma yokha, yandipeputsira ntchito. Igwa ndi mphepo." Tinadikira kuti igwe. Mwezi wa Meyi, mitengo ina yonse ikuyamba kufota, iyo inaphuka masamba atsopano. Mnansi wathu wachikunda, amake Rabeka, anaseka mpaka kukhala pansi.

Ndi amake Rabeka omwewo amene anandiuza kuti msangu ndi wotero: umavula m'dzinja, umavala m'chilimwe, ndipo masamba amene umagwetsa ndiwo manyowa. Ine sindine munthu wongokhulupirira za pakamwa, ndinayang'ana ndekha. Chaka ndi chaka chimanga cha pansi pa mitengo ija chinkaposa chinzake msinkhu, ndipo zitsononkho zake zinkadzaza dzanja. Kuyambira pamenepo misangu ija inakhala yanga, ngakhale munda unkatchulidwa dzina la a Tembo.

OKUTOBALA

Dzuwa la Okutobala kuno limakuotcha mapazi kudzera m'patapata. Ndi nthawi yomweyo pamene misangu imagwetsa zipatso zake, zofiirira zopindikapindika, ndipo njovu zimazikonda ngati mwana ndi shuga. Zinkawoloka Luangwa, amene panthawiyo anali mchenga ndi kamadzi kofika m'mawondo, n'kubwera kudzagwedeza mitengo yanga ndi zipumi. Ine ndinkalawirira ndi thumba kukatola zimene zasiya, n'kumasungira mbuzi zanga zitatu. Mbuzi za anzanga zinkayenda nthiti zili pamtunda, zanga zikunyezimira.

Tsiku lina m'mawa tinapeza kuti njovu zija pobwerera zinadzera pakhomo, zazula mapapaya awiri n'kukankha khola. A Tembo anaima pamene panali papaya, manja ali m'chiuno.

"Amake Misozi, mwaona? Mitengo yanu ija ndiyo imaziitana. Chaka chino nidula."

"Mwakhala mukudula chaka chino kwa zaka twente," ndinatero.

"Sekani. Tsiku lina zizatipeza m'nyumba."

"Kuseri kwa tchalitchi kulibe msangu olo umodzi, nanga nkhokwe zija zinaphwanyidwa ndi ndani? Ndi nyerere?"

A Tembo ndi munthu amene akagonja pakamwa amatenga hamala n'kukakhoma chinachake. Tsiku limenelo anakonza khola mpaka dzuwa linapendeka.

NOVEMBALA

Mvula inabwera msanga ndipo inabwera bwino, moti palibe amene akanalota za njala. Tinabzala mlungu wachitatu. Ndinene pano kuti wina asadzati ndinakondera: munda wonse tinabzala mbewu imodzi, masiku awiri otsatizana, pansi pa misangu ndi poyera chimodzimodzi.

Mwezi womwewo mwana wathu Misozi anabwera ndi khanda la miyezi isanu. Mwamuna wake amachapa zovala pakampu ya alendo cha ku Chinzombo, ndipo makampu ambiri amatseka mvula ikayamba, chifukwa misewu ya m'paki ya nyama zakutchire imasanduka phala. Mkamwiniyo anakwera kupita ku Chipata kukasaka maganyu, n'kutisiyira mkazi ndi mwana kuti tiwasunge kufikira kampu idzatsegulidwe. Sitinaone vuto. M'nkhokwe munali chimanga chofika kumapeto kwa Januwale, ndipo zaka zonse Febuluwale timamudutsa ndi maungu ndi timaganyu.

DISEMBALA

Disembala ndilibe naye mlandu. Mvula inkagwa usiku, masana tinkapalira, mango anali mbwee. Pa Khirisimasi tinapha tambala n'kuphika mpunga. Misangu inali itavula kale, nthambi zili gwa, ndipo pansi pake panali tinyenyeswa ta masamba tikuwola m'mizere.

JANUWALE

Mlungu wachiwiri mvula inangoleka, osatsazika. Poyamba tinati ndi kang'amba ka masiku onse, ndipo ena anakondwa kuti udzu wopalira uuma. Mlungu unatha, wina unathanso. Mitambo inkaunjikana cha kumapiri a Muchinga madzulo, kumagunda ndithu, ife n'kuthamanga kukachotsa zovala pachingwe, koma kumangobwera mphepo yafumbi. Chimanga chinali chofika pachifuwa, chikufuna kumasula. Masamba ake anapiringizika ngati a anyezi, ndipo dothi lathu lakuda lija linang'ambika ming'alu yolowa phazi.

Njala isanafike pakhomo imatumiza mphekesera. Ena ankati pali wina wamanga mvula chifukwa njerwa zake zinali zisanawotchedwe. Ena ankati ndege za ku Mfuwe zikubalalitsa mitambo, ngati kuti ndegezo zinayamba kutera chaka chimenecho. Kunamveka kuti chimanga chathandizo chili panjira, ndipo maina athu analembedwa kawiri pansi pa mtengo wa kusukulu. Tinabwerako ndi fumbi kumapazi basi.

Pamsika, meda, kachitini kamene timayezera chimanga, inakwera mtengo kawiri m'milungu itatu, ndipo ogulitsa anasiya kuyeza mosefukira, ankakolopa pamwamba ndi chikhatho. Anthu anathamangira kunkhalango ya mupani, mtengo umene kwathu timati tsanya. Kulikonse kumene unayang'ana kunali utsi wa mauvuni a makala. Njinga zinkadutsa m'mawa zitasenza matumba atatuatatu, ndipo poti aliyense ankaotcha, makalawo anatsika mtengo mpaka thumba lathunthu silinkagula ufa wa masiku awiri. Ana aamuna a amake Rabeka anamaliza kankhalango konse ka kuseri kwa nyumba yawo, kamene tinkatolako nkhuni. Nditawafunsa amayi awo, anangoti, "Anzanga, mtengo sulira. Mwana alira." Sindinawatsutse, chifukwa nawonso anali ndi zidzukulu zisanu pakhomo.

Kumunda kwathu, kumtunda konse kunauma kuti gwaa, ukadutsamo kumangomveka tswatswa. Koma pansi pa misangu chimanga chinkapiringizika masana, m'mawa n'kupezeka chatambasukanso. Ndikakumba ndi chala, dothi la pamenepo linali lofewa ndi lozizirira. Ndinkapitako m'mawa uliwonse kukangochiyang'ana, ngati munthu wokazonda wodwala.

FEBULUWALE

Nkhokwe inatha mlungu woyamba. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, dzuwa likapendeka, kansima ka ufa wosakaniza ndi gaga. Maungu amene tinkadalira anafota asanabereke.

Ndi m'masiku amenewo pamene kunabwera a Sakala, munthu wosema mabwato wa cha ku Chinzombo. Anafika m'mawa panjinga, ndipo mmene a Tembo anawalandirira ndinadziwiratu kuti awiriwa anakumana kale kwina. Atatha moni anapempha kuona munda, ine n'kutsatira pambuyo osaitanidwa. A Sakala sanayang'ane chimanga ngakhale pang'ono. Analunjika pamsangu waukulu, anauzungulira, anaugogoda ndi chibakera, n'kuyang'ana kumwamba akumwetulira.

"Uyu ni bwato wa anthu teni," anatero. "Inayi yonse nitenga. Uyu bwato, inayo mitondo na matabwa. Nipatsa matumba atatu a milisi, a fifite-fifite. Mawa chabe ngolo ifika pakhomo."

Matumba atatu a chimanga m'Febuluwale wa chaka chimenecho. Ndinamva m'mimba mwanga mukuyankha ine ndisanayankhe.

"Nanga mukaidula igwera kuti?" ndinafunsa.

"Pansi, amama. Mtengo ugwera kuti?"

"Pansi pali chimanga changa."

A Sakala anachiyang'ana koyamba, n'kupukusa mutu mwachisoni. "Amama, ichi chinafa kale. Chiyembekeza chabe munthu wochiuza."

Ndinawauza kuti tikambirana kaye. Anati adikira mpaka Loweruka, chifukwa misangu ili m'minda yambiri ndipo anjala ndi ambirinso.

Madzulo ake tinakhala pakhonde atatu, ine, a Tembo ndi Misozi akuyamwitsa. A Tembo analankhula mofatsa, ndipo akafatsa amavuta kuposa akakwiya.

"Amake Misozi, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Matumba atatu atifikitsa mu Meyi. Chimanga chanucho ngati mvula siibwera mlungu uno, tizakolola mapesi. Ndiye tizakhala tataya zonse ziwiri."

"Mukadula, matumba atatuwo tidya kamodzi," ndinatero. "Chaka chamawa tidzadula chiyani? Mitengo ija yakhala ikutipatsa matumba ake chaka chilichonse, osaipempha."

"Chaka chamawa chimaonedwa ndi amoyo."

Pamenepo Misozi, amene sanalowererepo pa mikangano yathu chibadwire, analankhula osandiyang'ana. "Amama, mkaka wayamba kuchepa. Uyu ayamwa, aleka, alira. Manje imwe muniuze, mtengo na mwana wanga, chachikulu ni chiti?"

Mawu amenewo anandilasa, ndipo mpaka lero ndikawakumbuka pamandipweteka pomwepo. Koma ndinali nditakumba dothi lija ndi chala changa m'mawa womwewo, ndipo ndinkadziwa chimene ndinakhudza.

"Mwana wako sagona ndi njala ine ndili moyo," ndinamuuza. "Mbuzi zanga zipita. Chakudya changa udya ndiwe." Kenaka ndinatembenukira kwa bambo ake. "Atate ake Misozi, tipangane. Isiyeni mitengo mpaka tikolole. Pansi pake pakapanda kutuluka matumba atatu, omwewo amene a Sakala akunena, mudule yonse inayi, ndipo ine ndidzakutungirani madzi akumwa podulapo. Koma akakwana, nkhani ya nkhwangwa ithere pomwepo mpaka mudzandiike m'manda."

A Tembo anati, "Atatu. Mwanena nokha, ndipo mwana wamva."

Loweruka a Sakala anabwera n'kubwerera chimanjamanja. Pochoka anati iwo sathamanga, mu Meyi adzadutsanso. Mlungu womwewo tinamva mitengo ikugwa m'minda iwiri ya kutsidya kwa khwawa, ndipo ngolo ya chimanga inadutsa pakhomo pathu penipeni popita kumeneko. Misozi anaiyang'ana mpaka inakhota, n'kulowa m'nyumba. Masiku atatu sanandilankhule kupatula moni.

Mbuzi yoyamba ndinaigulitsa kwa wopha nyama wa pamsika. Poti inali yonenepa ndi zipatso zija, sanathe kundinyoza nayo monga ankachitira ndi anzanga, komabe ndalama yake inangogula chimanga cha milungu iwiri. Mvula inagwa kamodzi kumapeto kwa mwezi, ya ola limodzi. Kwa chimanga cha poyera inali mvula ya pamaliro. Cha pansi pa misangu chinaimwa, ndipo patapita masiku ndinaona ndevu zikutuluka.

MARICHI

Marichi ndiye anali mwezi wa njala yeniyeni. Mbuzi yachiwiri inapita, yachitatu n'kutsatira. Amake Rabeka anandiphunzitsa kukumba nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, m'thamanda la kumunsi. Tinkapita gulu dzuwa lili pamutu, ena kulowa m'matope, ena kuima pamtunda kuyang'ana ng'ona. Nyika ukaiphika imakhala ngati mbatata imene yakwiya, koma imatseka m'mimba. Ine ndinkadya zimenezo, ufa n'kumasiyira Misozi kuti azimwa phala m'mawa. Chitenje chimene ndinkamanga kamodzi ndinayamba kuchizunguliza kawiri.

Chimanga chathandizo chija chinafika pakati pa mwezi, theka la thumba pabanja. Tinathokoza, ngakhale kuti pamzere panali nkhope zina zimene sitinazionepo m'mudzi mwathu.

Tsiku limene sindiliiwala ndi la kusikelo. Misozi anabwerako ndi khadi la mwana, n'kundiikira pamiyendo. Mzere umene umayenera kukwera unali utagona, ndipo kumapeto kwake unaweramira pansi. Anamwino anamupatsa timapaketi ta chiponde cha ana ndi kumuuza kuti abwerenso pakatha milungu iwiri. Ndinaopa. Ndimanena zambiri za kulimba mtima kwanga, koma tsiku limenelo ndinaopa kwambiri, ndipo ndinadziona ngati mfiti yosinthanitsa mdzukulu ndi mitengo. M'mawa mwake ndinavala nsapato, osauza munthu, n'kuyamba ulendo wa kwa a Sakala.

Njira yake imadzera kumunda kwathu. Nditafika pa misangu ndinati ndiione komaliza. Ndinagwira chitsononkho chimodzi, ndinasenda pang'ono kunsonga, n'kutsina njere ndi chikhadabo. Inatuluka mkaka. Ndinasenda china, chimodzimodzi. Ndinathyola zisanu, n'kubwerera nazo kunyumba m'chitenje, ulendo wa kwa a Sakala n'kuthera pomwepo. Misozi anadya zitatu zowotcha atakhala pamphasa, ndipo ndinaona nsagwada zake zikuyenda mofulumira ngati za mwana. Ndinadziwa kuti chilichonse chimene tikuthyola chikuchoka m'matumba anga atatu aja, koma kuyambira tsiku limenelo ndinkamuthyolera ziwiri tsiku lililonse.

Vuto la kukhala ndi chimanga chobiriwira pakati pa minda youma ndi lakuti si iwe wekha amene umachiona. Anyani ankabwera masana, ine n'kumalimbana nawo ndi miyala. Njovu zinayamba kuzungulira mlungu wachitatu. Ndinadabwa kuona a Tembo, eni ake a nkhwangwa, akumanga kansanja pakati pa misangu. Anasakaniza ndowe za njovu ndi tsabola n'kuumba timabuledi toyanika, toti tikayaka utsi wake uzitsamwitsa, ndipo anamangirira zitini pachingwe kuzungulira chimanga chonse. Kuyambira pamenepo sanagonenso m'nyumba.

"Mukulondera chiyani, poti munati chinafa?" ndinawafunsa tsiku lina akubwerako m'mawa, maso ali psuu.

"Nifuna mukaluze bwinobwino," anatero. "Musakanamizire njovu."

Komabe tsiku lina zinalowa. Mphepo inatembenuka n'kupititsa utsi kwina, ndipo mmene a Tembo ankaziimbira zitini n'kuti zitadya kale mbali ya msangu wakum'mawa. M'mawa ndinapeza mapesi atagona, ena atazulidwa ndi mizu yomwe, ndipo a Tembo atakhala pachitsa mutu uli pansi. Sindinawanene. Tinatola zimene zinapondedwa n'kupita nazo kunyumba.

EPULO

Sitinadikire kuti chimanga chiume bwino m'munda, tinaopa kuti tikolola ndowe. Mlungu wachiwiri tinathyola chonse n'kukachiyanika pakhomo, pamphasa ndi padenga la khitchini. Kumtunda konse kwa munda, kumene zaka zabwino kunkadzaza ngolo zitatu, tinatolako tizitsononkho tokwana lichero limodzi, ta njere zowerengeka ngati mano a nkhalamba. Timeneto ndinatiika padera, chifukwa pangano linali la pansi pa misangu pokha, ndipo sindinafune kuti wina adzati ndinabera.

Anthu odutsa ankaima kuyang'ana pamphasa pathu. M'mudzi monse makomo amene anayanika kanthu chaka chimenecho anali owerengeka, ndipo ndikawayendera m'maganizo, pafupifupi onse anali a minda ya misangu kapena ya m'mphepete mwa dambo. Kutsidya kwa khwawa, kumene mitengo inagwa m'Febuluwale, matumba a a Sakala anali atayamba kale kupepuka, ndipo m'munda munali zitsa.

Kusikelo mzere wa mwana unadzuka. Misozi anabwera akuseka panjira, ndipo madzulo ake anandiphikira phala la chimanga chatsopano n'kundiumiriza kuti ndimalize mbale yonse iye akuona.

MEYI

Misangu inayamba kuphuka, nthambi zonse mbuu ndi timasamba tatsopano. A Sakala anatumiza mawu kuti adutsa Lolemba kudzamva.

Loweruka tinatonola. Ndinaitana amake Rabeka kuti adzathandize ndiponso akhale mboni, popeza nkhani ya pangano lathu inali itamveka mudzi wonse, ndipo ena anali atasankha kale mbali. Tinakhala pamphasa kuyambira m'mawa, ine, iwo ndi Misozi, zala mpaka kutuluka matuza. A Tembo anabwera ndi matumba atatu opanda kanthu n'kuwayala pakhonde.

Kuthira ndinathira ndekha. Loyamba linadzaza, ndinaligwedeza, ndinawonjezera, n'kusoka. Lachiwiri chimodzimodzi. Pamene ndinayamba lachitatu ndinayang'ana mulu umene unatsala pamphasa, ndipo mtima unandiuza zoona maso asanavomere. Ndinakokolola njere zonse, ndinakutumula mphasa, ndinatola ngakhale zimene zinagwera m'fumbi. Thumba lachitatu linaima pakati, kukamwa kwake kuli lende.

Amake Rabeka, amene sasowa chonena ngakhale pamaliro, ankangoyang'ana zala zawo. Ndikanatha kunena za njovu zija, ndikanatha kuwerenga ziwiriziwiri zimene Misozi ankadya. Zonsezo zinali zoona, koma sizinali m'pangano, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuti munthu wamkulu sabweza malovu ake.

"Awiri ndi theka," ndinatero. "Ndaluza. Lolemba a Sakala akabwera muwauze abwere ndi anthu awo."

Ndinalowa m'khitchini ngati ndikukasonkha moto. Moto unali bwinobwino. Ndinakhala pamtondo wogona n'kulira mwakachetechete, kulirira mitengo, ine mayi wa zidzukulu. Chinkandiwawa n'chakuti ndinkadziwa kuti ndinali wolondola, koma ndinaluza ndi theka la thumba.

Patapita kanthawi ndinamva phokoso la chimanga chikukhuthulidwa. Ndinapukuta kumaso n'kutuluka. A Tembo anali atadula ulusi wa matumba awiri amene ndinasoka aja. Ankatapa ndi meda m'loyamba, kenaka m'lachiwiri, n'kumathira m'lachitatu, ndipo amene anagwira kukamwa kwa thumbalo kuti lisagwe anali Misozi, mwana ali kumbuyo. Anatapa, anayerekeza, anatapanso, mpaka onse atatu anaima msinkhu umodzi. Kenaka anawamanga pakhosi ndi luzi, lililonse lili ndi chipewa chachitali cha thumba lopanda kanthu.

"Amake Rabeka," anatero, "imwe ndimwe mboni. Pendani."

Amake Rabeka anaimirira, anakonza chitenje, n'kuyenda akumenya thumba lililonse ndi chikhatho. "Wanu. Thuu. Firii. Ine naona atatu."

"Sanadzaze amenewo," ndinatero. "Musandichitire chifundo ngati mwana."

A Tembo sanandiyang'ane. Ankamangitsa luzi la thumba lomaliza ndi mano. "Amake Misozi, ine nagona pansanja paja milungu inayi. Munda wonse uja nauona m'mawa uliwonse, pamene panauma na pamene panapirira. Nikuti ni atatu."

Atatero anawerama, anasenza thumba loyamba yekha popanda womutwika, n'kulowa nalo m'nyumba.